Mmene Ndinatayira Mpando M'komiti ya Misewu

Ine sindinalotepo zokhala khansala. Ndinali mlimi wa thonje ndi mapira kutsidya kwa Shire, cha kwa Makhuwira, komanso mkulu wa mpingo pa katchalitchi kathu kofolera udzu. Koma khansala wa dera lathu atakalamba n'kuyamba kuvutika maso, anthu a m'nthambi za chipani anasonkhana pansi pa mtondo n'kutchula dzina langa. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo dzina likatchulidwa kumudzi linkayamba lapita kuboma kuti akuluakulu akalione. Langa linapita n'kubwerako lopanda banga. Ndinavomera ndikudzitonthoza kuti ngakhale m'Malemba anthu ambiri anaitanidwa manja awo ali pa ntchito ina, wina akuweta nkhosa, wina akusoka ukonde.

Anthu a kwathu sananditume zambiri. Anandituma chinthu chimodzi, ndicho kamtsinje kathu.

Kamtsinjeko kamatsika m'mapiri a ku Thyolo. M'chilimwe mumakhala mchenga wokhawokha, wotentha moti ndi galu yemwe amawoloka chothamanga. Koma m'dzinja, mvula ikagwa kumapiri, ife kuno dzuwa lili phwee, umangomva mkokomo, kenaka madzi ofiira adzaza gombe ndi gombe. Madziwo sankakhalitsa. Vuto linali matope ndi zigwembe zimene ankasiya, moti ngolo inkatha masiku ambiri osawoloka. Tsono chipatala, msika wa thonje ndi sukulu ya makalasi aakulu, zonse zinali tsidya linalo. Amayi oyembekezera ankasamuka mvula isanayambe, kukadikirira kwa achibale, kusiya ana ndi minda. Ndiye ponditsanzika aliyense ankangoti, "Akulu, mukakafika kuboma mukanene za mlatho."

Ndinawoloka Shire pa bwato, njinga itagona pamiyendo panga, jekete ndi baji ya chipani nditazikulunga m'nsalu kuti zisanyowe. Woyamba kundilandira pakhonde la ofesi ya khonsolo anali alamu anga, achimwene awo a mayi a kunyumba kwanga. Iwo anali ndi sitolo tsidya la kuboma ndipo anali atakhala kale khansala kwa nthawi ndithu. Anali munthu wonenepa, wa mawu aakulu, wosatha kupereka moni popanda kunyogodola.

"Alamu, mwafika? Ndiye mwabwera kudzalalikira kapena kudzagwira ntchito?"

"Zonse ziwiri, Mulungu akalola," ndinayankha.

Ndi iwowo amene anandiphunzitsa mmene zinthu zinkayendera. Ine ndinkaganiza kuti ndikangolowa m'holo ndidzaimirira n'kunena za mlatho, anthu n'kuwomba m'manja, simenti n'kubwera. Alamu anga anaseka mpaka kutsokomola. Anati khonsolo yonse imakumana mwa apo ndi apo, ndipo ikakumana imangovomereza zimene zaphikidwa kale m'makomiti. Makomitiwo analipo anayi okhazikika: ya chuma, ya maphunziro, ya zaumoyo, ndi ya misewu ndi milatho. Nkhani imene sinadzere m'komiti yake, wapampando ankaibweza pomwepo. Choncho wofuna mlatho ankayenera kukhala m'komiti ya misewu, kapena kukhala ndi bwenzi lapamtima mmenemo.

Kagawidwe ka mipando kanali ndi mwambo wake. Mafumu aakulu ndi makhansala akale ankayamba kusankha. Kenaka wapampando wa khonsolo ankaonetsetsa kuti komiti iliyonse ili ndi anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija, a kumtunda kwa Kasisi ndi a kumunsi, kuti dera lina lisadandaule. Munthu sankaloledwa kukhala m'makomiti oposa awiri. Ife atsopano tinkangolowa pamene panali anzathu amene tawalowa m'malo, ndipo pakatsala malo ena ndi pamene tinkafunsidwa. Mayina akatha kulembedwa ankapita kwa akuluakulu a chipani, kenaka ku likulu kukadindidwa, ndipo akabwerako ankakhala choncho mpaka chaka chithe.

"Nanga agogo aja ndawalowa m'malo anali m'komiti iti?" ndinafunsa.

"Ya zimbudzi," alamu anga anatero akupukuta misozi ya phwete. "Ena amati ya zaumoyo. Mudzasangalala, alamu. Mudzayendera chimbudzi chilichonse kuyambira kuno mpaka kumalire."

Wofunsa atsopanofe anali mlembi wa khonsolo, amene ankatiitana mmodzimmodzi mu ofesi mwake. Anali bambo wachinyamata, wophunzira, waulemu kwambiri, wochokera kuchigawo chapakati, ndipo anali atangofika kumene kuchigwa kuno. Ndinamupeza atavula jekete, kolala ya malaya itanyowa, akudzikupiza ndi chikuto cha buku.

"Khalani pansi, bambo. Kodi kutentha kumeneku kumatha?"

"Kumeneku n'kozizira, bwana. Dikirani mwezi wa mawa."

Anagwira mutu. Ine m'mutu mwanga munali mawu amene ndinawakonza njira yonse, ofotokoza za kamtsinje, za ngolo, za amayi oyembekezera. Ndinali nditasala chakudya dzulo lake, kupempha Ambuye kuti andipatse pakamwa. Koma mlembi sanandipatse mpata woti ndiwanene.

"Bambo, mpando wa m'komiti ya zaumoyo ndi wanu kale," anatero. "Tsono m'komiti ya misewu mwatsala malo amodzi, ndipo apampando akuti tsidya lanu lachepekedwa mmenemo. Ndikuwonjezereni umenewu, kapena umodziwo wakukwanani?"

Apa ndiyenera kunena za mayi anga ondibereka. Iwo anabadwira kudziko limene panthawiyo linkalamulidwa ndi Apwitikizi, ndipo anabwera kuno ali kamtsikana, makolo awo akuthawa ntchito yokakamiza. Mpaka imfa yawo ankapemphera m'Chisena. Ife ana tinakula ndi zilankhulo ziwiri m'kamwa, Chimang'anja cha bambo ndi Chisena cha mayi, osadziwa pamene china chathera. Tsono m'Chisena munthu akamathokoza amati takhuta. Zikomo ndinkamunena kwa wogulitsa sopo ndi kwa wondipatukira njira. Koma chinthu chikandikhudza mpaka pansi pa mtima, mawu amene ankatuluka okha anali a mayi.

Mmene ndinamva kuti mpando umene ndinasalira chakudya ukuperekedwa m'manja mwanga ndisanaupemphe n'komwe, maso anga anadzaza misozi. Ndinatsika pampando, bondo limodzi pansi, ndikuwomba m'manja.

"Takhuta! Takhuta, bwana, takhuta!"

Mlembi anasiya kudzikupiza. "Mwatero, bambo?"

"Ndi mtima wanga wonse."

"Simufuna kukaganizako kaye?"

"Palibe choganiza, bwana. Mulungu ndiye mboni yanga."

Anaimirira n'kundigwira chanza ndi manja awiri. "Ndaona anthu ambiri lero," anatero, "koma wonga inu sindinamuone." Ine ndinatuluka ndikuganiza za akhate khumi aja amene anachiritsidwa, n'kubwerera mmodzi yekha kudzathokoza. Ndinati kaya anzanga aiwala kuthokoza, n'chifukwa chake bwanayu wadabwa.

Lamulungu lotsatira ndinaimirira m'tchalitchi n'kulengeza kuti Ambuye atsegula khomo, ndalowa m'komiti ya misewu. Amayi anaimba nthungululu mpaka mileme ya kudenga inabalalika. Tinagwada tonse kuyamika. Gogo wina wamasiye, amene mpongozi wake anachirira pagombe la kamtsinjeko chaka china, anabwera kunyumba ndi nkhuku yoyera ataikumbatira. Ndinakana, iye anakakamira, ndipo tinaidya. Madala ena anayamba kale kukangana za pamene mlathowo udzaime, wina akuti pa mkuyu, wina akuti kumunsi pa dooko lakale.

Patapita masabata angapo khonsolo yonse inakumana kuti imve mayina. Holo inali ya malata, chithunzi cha mtsogoleri wa dziko chili pakhoma, mafumu kutsogolo, akuluakulu a chipani pambali pawo, ife makhansala kumbuyo tikuchucha thukuta m'majekete. Mlembi anawerenga komiti ya chuma, ya maphunziro, ya zaumoyo. Dzina langa linamveka, ndinagwedeza mutu. Atafika pa ya misewu ndinakhala tsonga. Anawerenga, anawerenga, ndipo dzina lotsiriza linali la alamu anga.

Ndinaganiza kuti mwina pepala lili ndi tsamba lina. Koma mlembi analipinda n'kutembenukira kwa wapampando wa khonsolo.

"Apampando, mundilole ndinene mawu amodzi oyamikira. Pogawa mipandoyi ambiri ankafuna iwiri, ena ankapempha ndi itatu yomwe. Koma pali bambo mmodzi pano amene wandiphunzitsa kanthu. Nditawapatsa mpando wa m'komiti ya misewu, umene aliyense ankaulimbirana, iwo anakana. Anagwada pansi, misozi ili m'maso, n'kunena kuti, takhuta."

M'holo munangoti zii. Kenaka mfumu ina yaikulu, munthu amene ndinali ndisanamuonepo akumwetulira, inatulutsa kamawu ngati ka mbuzi yotsamwa. Basi holo yonse inaphulika. Anthu anagwa pa mabenchi. Wina anathawira panja atagwira m'mimba. Ndi akuluakulu a chipani omwe, amene pamaso pawo tinkaopa ngakhale kuyetsemula, anabisa nkhope m'zipewa mapewa akugwedezeka. Mlembi anangoima, akuyang'ana uku ndi uku.

Wapampando atapeza mpweya anati, "Bwana mlembi, kuno kuchigwa munthu akati takhuta, ndiye kuti akuti zikomo. Bambowa ankalandira mpandowo."

Nkhope ya mlembi inagwa. "Nanga munthu akadya n'kukhuta amati chiyani?"

"Kuno sitikhuta, bwana!" anafuula alamu anga ali kumbuyo, ndipo phwete linayambiranso.

Inenso ndinaseka, chifukwa zinali zoseketsa ndithu. Msonkhano utatha tinakhala pansi, ine, mlembi ndi wapampando, kuti tione chochita. Mlembi anapepesa mpaka ndinachita manyazi ndine. Koma mayina anali atadutsa kale kwa akuluakulu a chipani, atadindidwanso ku likulu, ndipo masiku amenewo panalibe munthu wofuna kulemba kalata yonena kuti chinthu chodindidwa chalakwika. Njira inali imodzi yokha, yoti amene anapatsidwa mpandowo ausiye mwa kufuna kwake.

Ndinawapeza alamu anga pamthunzi akumwa thobwa.

"Alamu, mwamva nokha mmene zinakhalira. Mpandowo unali wanga."

"Unali wanu, munakhuta, anjala tinadya."

"Ndikunena zoona, alamu. Anthu akundidikira kumudzi."

"Inenso akundidikira. Msewu wa kusitolo kwanga mukuudziwa, malole amakana kufikako. Alamu, mlongo wanga ndinakupatsani, tsopano mukufunanso mpando? Mudzafunanso sitolo."

Ananena akuseka, koma mpandowo sanausiye.

Ulendo wobwerera unali wautali. Mayi a kunyumba anamvetsera nkhani yonse, n'kulowa m'nyumba, n'kutuluka ndi mbale ya mbatata. Anaika patsogolo pa ana, ine n'kundidumpha.

"Nanga ine, mayi?"

"Inu si mwakhuta kale kuboma?"

Anandipatsa pambuyo pake, atatha kuseka. Koma Lamulungu linandivuta. Kuimirira pamalo omwewo pamene ndinalengeza za khomo lotseguka, n'kunena kuti ndinalitseka ndekha ndi pakamwa panga, sichinali chinthu chapafupi. Ena anaseka, ena anangoti kukamwa pululu. Titatuluka gogo wamasiye uja anandiimitsa.

"Akulu, nkhuku ija ilipo?"

"Tinadya, gogo."

"Ndiye simunaname. Munakhutadi."

Masiku amenewo ndinalimbana ndi Mulungu m'pemphero. Ndinkati, Ambuye, munasokoneza zilankhulo za anthu omanga nsanja chifukwa ankadzikuza, koma ife tikufuna kamlatho chabe, koti ngolo idutse. Mwasokonezeranji chilankhulo changa, pomwe ndinali kuthokoza? Yankho silinabwere. Ndiye ndinagwira ntchito imene inali m'manja mwanga. Ndinayenda ndi komiti ya zaumoyo m'misika, m'malo ophera mbuzi, m'midzi, tikusuzumira kuseri kwa nyumba za anthu. Poyamba ndinkachita manyazi, mpaka ndinakumbukira kuti m'malamulo amene Mulungu anapatsa anthu ake m'chipululu mulinso lamulo la kukumba dzenje kunja kwa misasa n'kufotsera. Ndinati ngati Mwini kumwamba sanaione nkhaniyi kuchepa, ine ndine yani? Kuyambira pamenepo ndinkalowa m'mudzi mutu uli m'mwamba, ngakhale ana ankathamanga kukachenjeza makolo awo kuti abusa a zimbudzi afika.

Wapampando wa komiti ya misewu anali mdala wa kwa Kasisi, wamtali, wolankhula pang'onopang'ono, mdzukulu wa anthu aja anabwera kalekale atasenza katundu wa azungu oyamba kukwera Shire. Tsiku lina titatuluka mu msonkhano wathu wa zaumoyo anandikodola.

"Akulu, ndili ndi vuto. M'komiti mwanga mulibe wodziwa kupemphera. Mwambo umati titsegule ndi pemphero. Ulendo watha ndinapempha alamu anu, ndipo anadalitsa chakudya pamene patebulo panali mapepala okhaokha."

"Ndi pemphero lokhalo limene amalidziwa," ndinatero.

"Ife timakumana tsiku lotsatana ndi lanu, ndipo inu mumagona konkuno. Bwanji muzibwera kudzatitsegulira? Kuvota simungavote, kulankhula pa nkhani simungalankhule, koma pakhomo pali benchi. Kumvetsera sikuletsedwa."

M'mawa mwake ndinapita. Onse anaimirira n'kuweramitsa mitu. Ndinapempherera mtsogoleri wa dziko, monga zinkayenera, ndinapempherera mafumu, mvula yabwino, ndi nzeru kwa anthu a m'komitiyo. Kenaka, osakonzekera, ndinamva pakamwa panga pakupitiriza monga ndinkachitira kunyumba m'mawa uliwonse: "Kumbukiraninso, Ambuye, anthu anu okhala kuseri kwa kamtsinje kaja. Inu amene munaumitsa nyanja kuti ana anu awoloke pouma, onani amayi oyembekezera, onani ngolo za thonje zomira m'matope." Nditati amen, amen wa mlembi ndiye anamveka kuposa onse. Ndinakakhala pa benchi langa.

Msonkhano wotsatira ndinachitanso chimodzimodzi, ndi wotsatira wakenso. Mdala wa kwa Kasisi anandifunsa tsiku lina tikutuluka.

"Akulu, pempherolo limapita kumwamba kapena limabwera kwa ife?"

"Limapita kumwamba, apampando. Kungoti njira yake imadzera m'chipinda chino."

Alamu anga ankapemphera diso limodzi lili lotsegula. Ndikangoyamba kuti "Kumbukiraninso," ndinkamva akupuma mwamphamvu ngati ng'ombe yotopa. Panja ankandiuza kuti, "Alamu, kamtsinje kanu kanditopetsa. Ndikagona ndimalota ndikukankha ngolo." Anzawo ena anayamba kundifunsa kuti kamtsinjeko n'kotani kukula kwake, pansi pake ndi mchenga kapena thanthwe. Ndinkayankha tili pakhonde, chifukwa pakhonde panalibe lamulo londiletsa.

Komabe mtima wanga sunali pamtendere kwenikweni. Malemba amatichenjeza za anthu opemphera kuti amvedwe ndi anthu anzawo, ndipo funso la mdala uja linkandibwerera ndikamapalasa njinga. Ndinawafunsa mayi a kunyumba maganizo awo.

"Mukamapemphera kuno kunyumba mumakatchula kamtsinjeko?" anafunsa.

"Tsiku lililonse."

"Ndiye kuboma mukasiye chifukwa chiyani? Mulungu wa kuboma ndi wina?"

Zinandithandiza, koma osati kwathunthu. Tsono unafika msonkhano waukulu wa komitiyo, wosankha ntchito zoti zigwiridwe chilimwe chotsatira. Ndalama zinali zochepa, zofuna zinali zambiri, ndipo aliyense ankadziwa kuti msewu wa kusitolo kwa alamu anga uli patsogolo. M'mawa wa tsikulo ndinagwada m'kanyumba kamene ndinkagona n'kunena kuti, Ambuye, lero ndi tsiku logamula. Ngati ndakhala ndikugwiritsa ntchito dzina lanu ngati ndodo yokusira anthu, lero ndiisiya pansi. Nkhaniyi mukuidziwa kale. Chitani monga kukukomerani.

Tinaimirira, mitu pansi. Ndinapempherera mtsogoleri wa dziko, mafumu, odwala, ndi nzeru kwa ogamula kuti agamule mopanda tsankho. Ndinati amen.

Palibe anayankha. Ndinatsegula maso n'kuona onse akadali chiweramire, akudikira. Mlembi anasuzumira pang'ono n'kutsinzinanso msanga. Kenaka mawu a alamu anga anamveka, akuyesa kunong'ona koma osatha.

"Alamu, mwaiwala."

Ataona kuti sindikupitiriza, anabwereza mokweza.

"Mwaiwala kamtsinje!"

"Sindinaiwale, alamu. Ndatha."

Mitu inadzuka umodziumodzi. Mdala wa kwa Kasisi anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuuza anthu kuti akhale pansi. Ine ndinapita pa benchi langa. Anayamba kukambirana za misewu ina, koma zinthu sizinkayenda. Alamu anga ankangotembenukatembenuka pampando, kundiyang'ana, kupukuta khosi. Itafika nkhani ya msewu wa kusitolo kwawo, wapampando anawapatsa mpata kuti alankhule. Anaimirira.

"Apampando," anatero, "munthu uyu wandisokoneza. Miyezi yonseyi wakhala akutiwolotsa kamtsinje kake m'pemphero, lero watisiya pakati pa madzi. Ine sindingakhale bwino. Msewu wanga ndi wa fumbi ndi mabampu, koma fumbi silinamizepo munthu. Kutsidyako kuli mlongo wanga ndi ana ake. Ndikupempha kuti chaka chino tiyambe ndi kamtsinjeko, wanga udikire. Ndipo zikatheka, mlamu wangayu apeze china chopempherera."

Wina anavomereza pempholo nthawi yomweyo. Manja anakwera, ndipo mlembi, amene analibe voti, ndinamuona dzanja lake likunyamuka lokha mpaka analibweza n'kuyamba kulemba. Ine ndinali pa benchi paja. Ndinangophimba nkhope ndi chipewa.

Panja ndinafuna kuwagwira chanza alamu anga, koma anabweza dzanja.

"Musandithokoze m'chilankhulo chilichonse, alamu. Mungandilandenso china."

Mlatho weniweni sitinaupeze. Kapitawo wa za misewu atabwera kudzayeza anati ndalamazo sizingakwane zipilala ndi zitsulo. Chimene chikanatheka chinali kuyala miyala ndi simenti pansi pa kamtsinjeko, kuchokera gombe lino kukafika gombe lija, n'kusalaza zitunda zake kuti madzi azidutsa pamwamba koma osakumba. Anatinso miyala ndi mchenga tituta tokha. Nditakafotokoza kumudzi, mdala wina anati, "Ndiye mlatho wogona pansi? Ife tinakutumani woimirira." Ndinati, "Bambo, tiyeni tilandire wogonawo, woimirira adzapempha ana athu."

Tinatuta miyala chilimwe chonse, amuna pa ngolo, amayi pamutu, a mpingo wathu ndi a mipingo ina, ndi osapemphera omwe. Madala aja okangana za malo anagonja onse awiri, chifukwa kapitawo anasankha pakati pawo pamene panali thanthwe. Simenti inabwera pa lole ya khonsolo, ndipo tinkaithirira madzi otunga m'zitsime za mumchenga kuti isang'ambike ndi dzuwa.

Mvula yoyamba ya mphamvu inagwa kumapiri tsiku lina masana, ife tikupalira. Titamva mkokomo tinaponya makasu n'kuthamangira kumtsinje, mudzi wonse. Madzi ofiira anafika ndi zitsa ndi mapesi, anakwera pa simenti paja n'kupaphimba ponse. Mdala uja wofuna mlatho woimirira anati, "Wapita mlatho wanu." Tinakhala pagombe tikuyang'ana, ine milomo ikuyenda yokha.

Dzuwa lisanapendeke kwenikweni madzi anayamba kutsika. Panaoneka kaye m'mphepete, kenaka msana wonse wa simenti, uli bwinobwino, madzi akuyenda pamwamba pake ofika m'kakolo. Tsidya linalo panali bambo wina wa m'mudzi mwathu amene anapita kuchigayo m'mawa ndi ngolo, ndipo anali atayamba kale kumasula ng'ombe kuti akagone kwa achibale monga mwa masiku onse. Tinamukuwira kuti amange. Anamanga mokayika, anagwira chingwe, n'kulowa m'madzi akutsogolera ng'ombe zake. Zinanunkhiza simentiyo, zinaponda, ngolo inatsatira, ndipo ufa unafika kumudzi tsiku lomwelo uli wouma.